Matanthauzo a Liu la 'Drag' m'Zonena za Anthu Otchuka, ndi Vuto Lake kwa Womasulira

1. MAU OYAMBA

Aliyense amene anagwirapo ntchito yomasulira nkhani kuchokera m'Chingerezi kupita m'zinenero zathu amadziwa kuti mau aatali ndi achilendo savuta kwenikweni. Liu lalitali kawirikawiri limakhala ndi tanthauzo limodzi, ndipo womasulira akalipeza m'buku lotanthauzira mau, ntchito yake yatha. Timau timene timagwetsa anthu ndi tating'onoting'ono, ta phatikizo limodzi, timene munthu amayesa kuti anatidziwa kalekale. M'nkhani ino tifuna kusanthula kamodzi mwa timau totere, liu lakuti 'drag', ndipo tiliona monga momwe lamvekera pakamwa pa anthu otchuka a ku Britain, America, Australia ndi South Africa.

Pali zifukwa ziwiri zimene tasankhira liu limeneli. Choyamba nchakuti zonena za oimba, ochita zisudzo ndi ena otere zimafika m'nyumba zoulutsira mau ndi m'manyuzipepala a chigawo chathu tsiku ndi tsiku, ndipo womasulira amapatsidwa nthawi yochepa kuti azitembenuze. Iye akaphonya nthambi ya tanthauzo amaika m'kamwa mwa munthu mau amene mwiniwakeyo sananene, ndipo omvera alibe njira yodziwira kuti pachitika cholakwa. Chachiwiri nchakuti liuli, pamene anthu otchuka aligwiritsa ntchito, limavumbula maganizo ena a kutchuka osiyana ndi amene timawapeza m'kapangidwe ka mau athu monga 'kutchuka', 'kumveka' ndi 'mbiri'. Tiyamba ndi gwero la liuli ndi nthambi zake, kenaka tiona zitsanzo za anthu odziwika, ndipo potsiriza tipereka maganizo kwa omasulira ndi olemba mabuku otanthauzira mau.

2. GWERO LA LIU NDI NTHAMBI ZAKE

Mneni wa 'drag' ndi wa banja limodzi ndi mneni wa 'draw'. Onse awiri amachokera ku tsinde lakale limene m'Chingerezi chamakedzana linali 'dragan', ndipo m'chinenero chakale cha anthu a ku Scandinavia linali 'draga'. Tanthauzo lake lapakati ndilo kukoka chinthu cholemera chimene chikukhudza pansi ndipo chikukanika kuyenda. M'tanthauzo limeneli muli zinthu zitatu: wokoka, chokokedwa, ndi kulimbalimba kumene kumachedwetsa ulendo. Nthambi iliyonse imene titchule m'munsimu imatenga chimodzi kapena ziwiri mwa zinthu zitatuzi nkusiya zinazo.

(a) Kukoka chinthu pansi. Apa Chichewa chili ndi aneni angapo pamene Chingerezi chili ndi mmodzi: timakoka chingwe, timaguza chipika, timakhwekhwereza nthambi ya mtengo, ndipo mbuzi yokana kuyenda timaiduduza.

(b) Ukonde wosesa pansi pa madzi, 'dragnet'. Ili ndi khoka la asodzi a m'nyanja zathu, ndipo nkosangalatsa kuona kuti dzina lakuti khoka, pochulukitsa makoka, nalonso linachokera ku tsinde la -koka.

(c) Ngolo yaikulu yokokedwa ndi akavalo anayi, imene anthu olemera a ku England ankayendera m'zaka za m'ma 1800, ndiponso chitsulo chimene ankagwirira nacho gudumu la ngolo potsetsereka.

(d) M'sayansi, mphamvu imene mpweya kapena madzi amabwezera nayo m'mbuyo chinthu choyenda monga ndege, galimoto kapena bwato. Pa liwiro la galimoto ndi ndege mphamvuyi imakula msanga kuposa liwirolo, pakuti liwiro likawirikiza kawiri iyo imawirikiza pafupifupi kanayi.

(e) Kukoka utsi wa fodya kamodzi. Pano zinenero ziwirizi zayenda njira imodzi, popeza ifenso timati kukoka fodya.

(f) Msewu waukulu wa m'tauni, 'main drag'. Ambiri amaganiza kuti ndi kuno kumene kunachokera dzina la 'drag race', mpikisano wa magalimoto awiri pa njira yoongoka. Masewera amenewa anakula ku America nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo bungwe lowayang'anira, National Hot Rod Association, linakhazikitsidwa ndi Wally Parks m'chaka cha 1951. Mtunda wake wa chikhalire ndi kota ya mailosi, ndiye kuti mamita 402.

(g) Munthu, ntchito kapena chochitika chotopetsa ndi chogwetsa ulesi. Apa chatsala ndi kulemera ndi kuchedwa kokha, wokoka ndi chingwe chake zazimirira.

(h) Zovala zachikazi zovalidwa ndi mwamuna, kapena zachimuna zovalidwa ndi mkazi, makamaka pochita sewero.

(i) Pa kompyuta, kugwira chizindikiro nkuchisuntha kupita nacho pamalo ena.

(j) Kuyalutsa munthu poyera ndi mau onyoza, kalankhulidwe kamene kanakula pakati pa anthu akuda a ku America nkufalikira kudzera pa intaneti.

Tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ophunzira athu amazisokoneza. Pali mau olembedwa mofanana koma osagwirizana m'tanthauzo, monga mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika, amene m'Chichewa timawasiyanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa mau. Palinso liu limodzi lokhala ndi nthambi zambiri zotuluka pa tsinde limodzi, monga kudya nsima, kudya ndalama za bungwe ndi kudya pa bawo. Liu la 'drag' lili m'gulu lachiwirili. Nchifukwa chake wolankhula Chingerezi waluso angathe kugwedeza nthambi ziwiri nthawi imodzi, womvera namva zonse ziwiri. Womasulira m'Chichewa, amene ali ndi liu lakelake pa nthambi iliyonse, amakakamizika kusankha imodzi.

3. MBIRI YA TANTHAUZO LA ZOVALA

Tanthauzo la (h) limapezeka m'manyuzipepala a ku London a chaka cha 1870. Mwezi wa April chaka chimenecho apolisi anagwira anyamata awiri, Ernest Boulton ndi Frederick Park, akutuluka m'nyumba ya zisudzo ya Strand Theatre atavala zachikazi. Mlandu wawo unazengedwa m'chaka cha 1871 ndipo anapezeka osalakwa. Nyuzipepala ya Reynolds's Newspaper, polemba za nkhani za nthawi imeneyo, inachita kuwamasulira owerenga ake liuli. Zimenezi zikutiuza kuti linali kale pakamwa pa kagulu kena ka anthu, koma anthu wamba anali asanalizolowere.

Mchitidwe weniweniwo ndi wakale kuposa dzina lake. M'masiku a Shakespeare akazi sankaloledwa kusewera m'nyumba za zisudzo za ku England, kotero kuti mbali zonse za akazi ankasewera ndi anyamata. Akazi anayamba kuonekera m'chaka cha 1660, mfumu Charles II itabwerera pampando. Ngakhale zinasintha choncho, mwambo wakuti mwamuna asewere ngati mayi wachikulire woseketsa unakhalabe m'masewero a pa Khirisimasi otchedwa 'pantomime', ndipo ulipo kufikira lero. Akazi nawonso ankasewera ngati amuna. Wodziwika kwambiri anali Vesta Tilley, amene anabadwa mu 1864 namwalira mu 1952. Ku America, m'zaka za m'ma 1880, William Dorsey Swann, munthu wakuda amene anabadwira mu ukapolo, ankakonza madansi otere mu mzinda wa Washington, ndipo apolisi anamgwirapo chifukwa cha madansiwo.

Kodi tanthauzo limeneli linatuluka bwanji pa tsinde la kukoka? Akatswiri ambiri amaloza ku madiresi aatali a nthawi imeneyo, amene mpendero wake unkakhwekhwereza pansi. Mwamuna wozolowera buluku akavala diresi lotere, chinthu choyamba chimene amamva ndicho kukoka kwa nsalu kumbuyo kwake. Pali nthano ina yofala yakuti liuli linapangidwa ndi malembo oyamba a mau anayi a Chingerezi otanthauza 'wovala ngati mtsikana', ndi kuti Shakespeare ankalemba malembowo m'mphepete mwa masewero ake. Nthano imeneyi ilibe umboni. Shakespeare anamwalira mu 1616, zaka zoposa 250 tanthauzoli lisanaoneke m'zolembedwa, ndipo kupanga mau ndi malembo oyamba kunafala m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1900. Ife amene timafufuza magwero a maina a midzi ndi mitsinje tikuidziwa bwino mbuna imeneyi, pakuti kufotokoza kokoma m'khutu kumayenda msanga kuposa kufotokoza koona.

Lero mwamuna wochita luso limeneli amatchedwa 'drag queen', ndipo mkazi wosewera ngati mwamuna amatchedwa 'drag king'. Zinthu ziwiri zimazindikiritsa lusoli. Choyamba ndi kukokomeza: tsitsi, zodzoladzola, mayendedwe ndi mau zimapyola dala muyeso wa masiku onse. Chachiwiri nchakuti oonerera amadziwa amene ali m'kati mwa zovalazo, ndipo kukoma kwa sewerolo kwagona pa kudziwa kumeneko.

4. LIU LIMODZI PA TSIKU LA MALIRO

Chitsanzo choonetsa bwino kuopsa kwa nthambi za liuli chinachitika mu December 1980. Pa 8 December woimba John Lennon anaomberedwa ndi mfuti pakhomo pa nyumba imene ankakhala ku New York. M'mawa mwake atolankhani anamtsekereza Paul McCartney, mnzake wa ubwana amene anaimba naye m'gulu la Beatles, akutuluka m'nyumba yojambulira nyimbo ku London. Atamfunsa maganizo ake, iye anayankha mwachidule, ndipo pomaliza anati chimene chinachitikacho chinali 'drag'.

Anthu ambiri amene anaona kapena kuwerenga yankholi anamva tanthauzo la (g) mu mphamvu yake ya masiku onse, ndiye kuti kanthu kogwetsa ulesi monga mvula yogwa pa tsiku la mpira kapena basi yochedwa. Anamdzudzula kuti ndi wouma mtima. M'chaka cha 1984, pocheza ndi magazini ya Playboy, McCartney anafotokoza kuti iye analinena liulo m'tanthauzo lake lolemera kopambana, koma likalembedwa papepala limaoneka lopepuka ngati mwini wake sakusamala.

Pali maphunziro awiri apa. Loyamba likhudza kusiyana kwa mau olankhulidwa ndi olembedwa. Kulemera kumene McCartney anati anafuna kunena kumamveka m'katchulidwe, pamene munthu akokera liu ndi kutsitsa mau, ndipo kalembedwe ka Chingerezi ka m'nyuzipepala sikasunga zimenezi. Ife Achewa tili ndi chizolowezi china, popeza timalemba 'kutaliii' kapena 'ziii' pofuna kuonetsa kukokera kwa liu, ndipo owerenga athu sadabwa nazo. Lachiwiri likhudza udindo wa munthu wotchuka. Munthu wamba akasowa chonena pamaliro, abale amamvetsa kuti chisoni chamtseka pakamwa. Munthu wotchuka amayembekezeka kukhala ndi mau okonzeka nthawi zonse, ndipo liu limodzi lotuluka mosakonzekera limakumbukika zaka makumi anayi. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Tsono womasulira m'Chichewa angatani nalo yankho limeneli? Akati 'Nzotopetsa, eti?' watenga mbali ya odzudzula, ndipo McCartney waoneka ngati munthu wopanda umunthu. Akati 'Nzomvetsa chisoni' watenga mbali ya McCartney, ndipo womvera sangamvetse chimene anthu anakwiyira. Pali liu lina limene poyamba limaoneka ngati lakwanira ndendende, ndilo 'zovuta', pakuti timalinena pa kanthu kochepa ndi pa chinthu chachikulu chomwe. Komabe m'Chichewa 'zovuta' ndi liu laulemu lotchulira maliro, monga pamene tinena kuti kumudzi kwagwa zovuta. Mchewa akamva kuti McCartney anati 'Nzovuta', adzati munthuyo analankhula mwamwambo, ndipo mkangano wonse udzazimirira. Njira yokhulupirika ndiyo kumasulira ndi kuonjeza chiganizo chimodzi chofotokoza kuti iye anagwiritsa ntchito liu limene kwawoko limanenedwa kawirikawiri pa tinthu tochepa.

5. KUTCHUKA NGATI CHOVALA

Anthu otchuka ambiri akamanena za moyo wawo amalankhula ngati pali anthu awiri, mwiniwake ndi wina amene dziko limamdziwa. Wosewera m'mafilimu Cary Grant, amene anabadwira ku Bristol mu 1904 ndi dzina lakuti Archibald Leach, amakumbukika ndi mau akuti aliyense amafuna kukhala Cary Grant, ndipo ngakhale iye mwini amafunanso kukhala Cary Grant. M'chiganizo chimenechi mwininkhani ndi dzina limene akulilakalaka ayenera kukhala munthu mmodzi, koma wolankhulayo wawalekanitsa dala. Marilyn Monroe, amene dzina lake lobadwa nalo linali Norma Jeane, anacheza ndi magazini ya Life m'nkhani imene inatuluka mu August 1962, sabata imene iye anamwalira. M'menemo anayerekeza kutchuka ndi chakudya chodula kwambiri cha mazira a nsomba, chimene chimakoma mwa apo ndi apo koma sichingadyedwe tsiku lililonse. Anadandaulanso kuti anthu amaganiza kuti kutchuka kwa munthu kumawapatsa ufulu womuuza chilichonse chimene afuna. Kwa Grant kutchuka kukuoneka ngati chovala chimene munthu amavala, ndipo kwa Monroe kukuoneka ngati katundu wolemetsa. Awa ndi matanthauzo a (h) ndi (g), ngakhale awiriwa sanatchule liu lathu.

Ena amalitchula poyera. Woimba wa ku Tennessee, Dolly Parton, amene anabadwa mu 1946, wakhala akunena kuti akanabadwa mwamuna akanakhala 'drag queen'. Amakondanso kunena kuti pamafunika ndalama zambiri kuti munthu aoneke wotchipa monga amaonekera iye. Amasimbanso kuti tsiku lina analowa mwachinsinsi mu mpikisano wa amuna ovala ngati Dolly Parton, nakokomeza maonekedwe ake, koma sanapambane. Nkhani imeneyi ili ndi phunziro kwa ife, pakuti ikuonetsa kuti chimene anthu amachitcha Dolly Parton ndi mpangidwe wa tsitsi, zovala ndi kaimidwe, umene munthu wina angauvale moposa mwiniwake.

Amene anatambasula tanthauzoli kufikira pamapeto ndi RuPaul Charles, wobadwira ku San Diego mu 1960. Iye amaphunzitsa kuti chilichonse chimene munthu amadziveka atabadwa, kaya suti ya mkulu wa ofesi kaya yunifolomu ya msilikali, ndi 'drag'. Apa liu lasiya kunena za mwamuna wovala zachikazi, layamba kunena za maonekedwe alionse amene munthu amasankha kuonetsa kwa anzake. Pulogalamu yake ya pa wailesi yakanema, RuPaul's Drag Race, inayamba mu 2009, ndipo dzina lake limagwedeza nthambi ziwiri, ya (f) ndi ya (h): womva Chingerezi amaona magalimoto othamanga ndi madiresi nthawi imodzi. Dzina lotere silingamasuliridwe m'Chichewa popanda kutaya nthabwala yake. Mu 2018 RuPaul anapatsidwa nyenyezi pa Hollywood Walk of Fame.

Tiyenera kuonanso kuti si onse ovala zachikazi pa sewero amene analilandira dzinali. Danny La Rue, wobadwira ku Cork mu 1927, amene anatchuka kwambiri ku Britain, ankakonda kudzitcha woseketsa wovala diresi. Barry Humphries wa ku Australia, amene anamwalira mu 2023, anayamba kusewera ngati Edna Everage ku Melbourne mu 1955. Edna anayamba ngati mayi wapakhomo wamba, koma popita zaka anasanduka chithunzi chonyoza kutchuka kumene, nadzipatsa maudindo okulirakulira a unyenyezi, ndipo ankanena za Humphries ngati munthu wina amene amangomyendetsera ntchito.

M'chigawo chathu chitsanzo chodziwika ndi Evita Bezuidenhout, amene amaseweredwa ndi Pieter-Dirk Uys wa ku Cape Town. M'zaka za m'ma 1980, nthawi ya ulamuliro wa tsankho, Evita anali kazembe wa South Africa ku dziko longopeka la Bapetikosweti, ndipo ankadzitcha mzungu wamkazi wotchuka koposa m'dzikomo. M'kamwa mwa mayi ameneyu Uys ankaikamo mau onyoza boma amene kukanakhala kovuta kuwanena ndi dzina lakelake. Mu 1994 Evita anacheza ndi Nelson Mandela pa wailesi yakanema. Apa chovala chinagwira ntchito ngati chishango, ndipo kutchuka kwa munthu wongopeka kunatsegula makomo a anthu enieni a ndale.

6. MAU ATHU A KUTCHUKA

Tiyeni tsopano tione mbali yathu. Aneni atatu amene timanenera kutchuka m'Chichewa onse ali m'msintho wosonyeza chimene chachitikira munthu popanda kutchula wochita:

(1) kutchula, kutchuka
(2) kumva, kumveka
(3) kudziwa, kudziwika

Wotchuka ndi amene dzina lake limatchulidwa, womveka ndi amene za iye zimamvedwa, wodziwika ndi amene ena amamdziwa. M'zonsezi ntchito ili m'kamwa, m'makutu ndi m'mitu ya anthu ena, mwiniwake angolandira. Dzina lakuti 'mbiri' nalonso limaloza komweko, popeza limatanthauza nkhani yomveka, zochitika zakale, ndi dzina labwino kapena loipa la munthu. Zinenero zina za Chibantu zili ndi kapangidwe kofanana: Chishona chili ndi 'kuzivikanwa' kuchokera ku 'kuziva', Chiswahili chili ndi 'kujulikana' kuchokera ku 'kujua', ndipo m'Chizulu 'ukuduma' ndi kugunda kwa bingu komanso kutchuka kwa munthu. Liu la Chingerezi lakuti 'fame' nalonso linayambira pomwepa, pakuti linachokera ku liu la Chilatini lakuti 'fama', lotanthauza mbiri kapena mphekesera, zonenedwa ndi anthu.

Kusiyana kwabwera ndi nyengo ya mafilimu, wailesi yakanema ndi zithunzi. Zonena za Grant, Parton ndi RuPaul zikusonyeza kutchuka kumene munthu amakupanga ndi manja ake, kukuvala m'mawa ndi kukuvula madzulo, ndipo kumalowa m'maso kuposa m'makutu. Wojambula Andy Warhol amakumbukika ndi mau akuti m'tsogolo munthu aliyense adzatchuka kwa mphindi 15. Mauwa anaoneka m'kabuku ka chionetsero chake ku Moderna Museet mu mzinda wa Stockholm mu 1968, ngakhale akatswiri ena amakayika ngati anatulukadi pakamwa pake. Warhol yemweyo anajambula ochita 'drag' m'zithunzi zake za mu 1975, ndipo mu 1981 anajambulitsa iye mwini atavala tsitsi ndi zodzoladzola zachikazi. Kutchuka kwa mphindi 15 nkovuta kukunena ndi liu la 'mbiri', chifukwa kwa ife mbiri imakhalitsa ndipo imatsala mwiniwake atapita. Pomasulira mau a Warhol mneni wa 'kumveka' akwanira bwino, popeza chomveka chingathe kumveka kamphindi nkuzirala.

Sitikunena kuti Achewa sadziwa kusiyana kwa maonekedwe ndi chenicheni. Mwambi wa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere ukutsutsa zimenezo. Koma mwambiwu umachenjeza woonerera kuti asanyengedwe, pamene anthu amene tawatchulawa amauza oonerera awo poyera kuti chimene akuona nchopangidwa, oonererawo nakondwera nazo.

7. MAGANIZO KWA OMASULIRA NDI OLEMBA MABUKU OTANTHAUZIRA MAU

Poyamba, liu lotere lisapatsidwe liu limodzi la Chichewa m'buku lotanthauzira mau. Kulemba kuti 'drag' ndi 'kukoka' basi nkupatsa wophunzira nthambi imodzi mwa khumi. Nthambi iliyonse ikhale ndi nambala yake, chiganizo chachitsanzo, ndi chizindikiro chosonyeza ngati ndi ya sayansi, ya zisudzo kapena ya kucheza wamba.

Kachiwiri, pa tanthauzo la (h) tilibe liu lokhazikika, ndipo tiganiza kuti ndi bwino kusunga liu la Chingerezi ndi kulifotokoza pamene latchulidwa koyamba, mwachitsanzo kuti ndi luso la mwamuna wosewera atavala zachikazi mokokomeza pofuna kusangalatsa anthu. Ena angafune kubwereka mau a gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlengeza mu 2005 kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, popeza kumeneko kuli zilombo zooneka ngati akazi monga Mariya. Tikuchenjeza kuti kufanana kumeneku nkwa pamwamba chabe. Mwambo wa gule sulola kuti chilombo chitchulidwe ngati munthu wa m'mudzi, ndipo palibe dzina la munthu limene limatchuka nacho. M'sewero la 'drag' dzina la wosewera limalembedwa pakhomo ndipo anthu amalipira kuti adzamuone iyeyo. Kusakaniza ziwirizi nkulakwira gule ndiponso kusokeretsa wowerenga.

Kachitatu, liuli limanena za sewero, ndipo palokha silitiuza kanthu za moyo wa wosewerayo akachoka pabwalo, kapena za amene iye amakonda, kapena ngati amadziona kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Izi ndi nkhani zosiyana zokhala ndi mau akeake m'Chingerezi. M'maiko angapo a chigawo chino malamulo amalangabe kugonana kwa amuna okhaokha, kotero kuti womasulira amene asinthanitsa mau amenewa mosasamala angathe kuneneza munthu mlandu pamene nkhani yoyambayo inangonena za zovala za pa sewero.

Kachinayi, pamene wolankhula wagwedeza dala nthambi ziwiri, womasulira asankhe nthambi imene nkhaniyo yatsamirapo, ndipo inayo aitchule m'chiganizo chapadera. Chiganizo chimodzi choonjezera sichitalikitsa nkhani kwambiri, ndipo chimateteza wonenayo ndi womvera yemwe.

8. MAU OMALIZA

Taona kuti nthambi khumi za liu la 'drag' zimatuluka pa tsinde limodzi la kukoka chinthu cholemera, ndi kuti ziwiri mwa izo, ya kulemetsa ndi ya chovala, ndizo zimene anthu otchuka amabwererako pofotokoza moyo wawo. Taonanso kuti aneni athu a kutchuka amaika ntchito m'manja mwa omvera, pamene zonena za anthuwa zimaiika m'manja mwa wotchukayo. Ntchito imene yatsala ndi yosonkhanitsa mau amene achinyamata a m'mizinda yathu akugwiritsa ntchito ponena za oimba ndi osewera otchuka, kuti tione ngati kapangidwe ka mau atsopanowo kakutsatabe msintho wa 'kutchuka' ndi 'kumveka' kapena kayamba kupendekera ku maganizo a chovala. Tikupempha anzathu ofufuza Chishona, Chibemba, Chitumbuka, Chiyao ndi Chizulu kuti achite chimodzimodzi m'zinenero zawo, kuti pa msonkhano wotsatira tidzayerekeze zimene tapeza.